Kathabwa ka a Mawaya

Nyumbazo zinalipo khumi ndi ziwiri, zazing'onozing'ono, zisanu ndi imodzi mbali iyi ndi zisanu ndi imodzi mbali inayo, makomo ake kuyang'anizana. Pakati panadutsa kanjira ka njerwa, ndipo kumapeto kwa kanjirako kunali nyumba yaikulu imene ankaitcha nyumba ya tonse. M'menemo munali khitchini ya mapoto akuluakulu, matebulo anayi aatali, makina awiri ochapira, ndi kachipinda kosungiramo makwerero, wilibala ndi mapaipi othirira maluwa. Magalimoto ankatsala kunja kwa geti. Banja lililonse linali ndi khomo lake ndi kiyi wake, koma Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka onse ankadyera limodzi, kuphika kwake kosinthana. Amene anayambitsa malowa anali anthu otopa ndi moyo wa m'mipanda, kumene munthu woyandikana naye nyumba umamudziwa ndi kutsokomola kwake kokha.

A Mawaya anafika pamalopa akazi awo atagona m'manda miyezi isanu. Dzina lawo lenileni linatsala pa makalata. Aliyense ankawadziwa ndi la ntchito, poti anatha zaka makumi anayi akukonza mawayilesi m'kashopu ka kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wogwira ntchito mumzinda wina wa ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mwanayo ankafuna kuwatenga. Moyo wa kumeneko iwo anali ataulawa kale. Maliro atatha anakakhalako masabata atatu, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, mwana kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, iwo kutsala ndi firiji yong'ung'udza ndi zenera loonetsa madenga a eni ake. Anabwerako ataonda. Choncho atamva za malo okhala mothandizanawa anakakamira ngati nkhupakupa.

Lamulo la pamalopo linkati wobwera kumene ayambe wakhala miyezi itatu, kenaka anene yekha ngati akhazikika kapena achoka.

"Chabwino, Ababa," anatero mwana wawo tsiku lowasiya, akupukuta fumbi pa mashelefu. "Koma miyezi itatuyo ikatha mudakali nokhanokha, ndibwera ndi galimoto ndipo sitidzakangananso."

"Ndekha bwanji pa anthu makumi atatu? Iwe ukamabwera uzidzachita kuima pamzere kuti undione."

Mwanayo sanaseke. Anangowagwira dzanja nthawi yaitali, n'kumapita.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera mayi wina wamfupi, wolankhula mothamanga, amene onse ankangomutchula kuti Apampando chifukwa ndiye ankatsogolera misonkhano. Anabweretsa mndandanda wa masiku ochapira, kiyi wa geti, ndi kathabwa kakang'ono ngati chikhatho, kopakidwa penti mbali zonse ziwiri, kokhala ndi kachingwe kopachikira pa msomali wa pachitseko.

"Aka n'kanu," anatero Apampando. "Khomo lililonse lili nako. Mbali yobiriwirayi ndiye kuti lowani, ndikufuna anthu. Yofiirayi ndiye kuti ndisiyeni kaye. Ndipo mumvetse, bambo, kofiira sikafunsidwa chifukwa. Sitigogoda, sitisuzumira, ngakhale patebulo sitinena kuti dzulo munaika kofiira bwanji. Chaka choyamba tinali ndi mayi wina kuno amene ankalowa m'nyumba za anthu ngati utsi, mpaka kukakupeza kubafa. Tinatsala pang'ono kubalalika. Kathabwa aka ndi kamene kanatipulumutsa."

Ankalankhula akukatembenuza uku ndi uku ngati akukupiza moto. A Mawaya anagwedeza mutu.

"Zomveka, mayi. Nzeru zabwino."

Panali chinthu chimene Apampando sankadziwa, chimene ngakhale mwana wa a Mawaya sankadziwa. Maso a bambowa sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anabadwa choncho. Kwa iwo mitundu iwiriyi inali ngati dothi, lina louma, lina lonyowa pang'ono, ndipo kuti lonyowalo ndi liti sankatha kulumbira. Munthu wokonza mawayilesi amene saona mitundu ya mawaya, ndani angamusiyire wayilesi yake? Ndiye anabisa. Wodziwa anali mmodzi yekha, akazi awo. Katundu watsopano akafika m'shopu, mayiwo ankabwera ndi chakudya cha masana, n'kukhala pa benchi ngati akungocheza, n'kumanong'ona kuti uyu wofiira, uyu wobiriwira, a Mawaya n'kumakanda kachizindikiro ndi msomali pa chokulungira chake. Akakanda, basi, sankafunsanso. Malaya ndi masokosi ankazipeza zitayalidwa kale pabedi. Zaka makumi anayi zinatha popanda munthu kutulukira, ndipo zimenezi ankazinyadira kuposa ntchito yeniyeniyo.

Tsopano wonong'ona uja kunalibe. Anakhala pa mpando kathabwa kali m'manja. Kufunsa kunali kosavuta, poti Apampando anali asanafike n'komwe patali, ankamveka akuseka ndi munthu m'kanjira. Koma munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, pakati pa anthu achilendo, tsiku loyamba lenileni, ukayambe ndi mawu akuti sindiona bwino? Anaganiza zochita mwaumisiri. Anasuzumira pa zenera. Khomo loyang'anizana ndi lawo linali la Aphunzitsi, mayi wina wophunzitsa ku sekondale, ndipo pakhomopo anthu ankangolowa ndi kutuluka, azimayi anayi, kuseka chikhakhali, wina atanyamula keke. Khomo lobiriwira loposa ilo lingapezekenso kuti? Anatuluka ngati akuwongola miyendo, nayang'anitsitsa kathabwa ka Aphunzitsi. Kankaonetsa mbali yoderako. Anabwerera, napeza mbali yoderako pa kathabwa kawo, nakanda kamtanda kakang'ono pakona ndi msomali, nakapachika kamtandako kali kunja.

Safunsa anadya phula. Azimayi anayi aja anali azichemwali awo a Aphunzitsi, ochokera kutali, ndipo Aphunzitsi anali atatembenuza kofiira dala kuti aneba awasiye acheze ndi abale awo. Kuyambira madzulo amenewo khomo la a Mawaya linali psuu, eni ake ali m'kati kudikira alendo.

Kudikira kwake kunali kwa dongosolo. M'mawa ankasesa pakhonde, kusita malaya, n'kuika mipando iwiri moyang'ana kukhomo. Ikamakwana folo koloko ankatereka madzi a anthu awiri, kutsuka makapu awiri, kuika mabisiketi pa sosala. Anatulutsanso zida zawo, chowotcherera, timasikuludiraiva ndi mita yoyezera moto, n'kuziyala pa katebulo ka pazenera, kuti aliyense wodutsa aone kuti muno muli mmisiri ndipo mmisiriyo ali manja lende. Pa nyumba khumi ndi ziwiri sipangalephere kupezeka ketulo yakufa kapena ayironi yosatentha.

Mapazi ankamveka ndithu pa njerwa. Ankabwera akugunda bwinobwino, akafika pakhomo pawo n'kuchepetsa liwiro, a Mawaya n'kudzuka theka, dzanja lili kale pa kolala. Kenaka mapaziwo ankadutsa monyang'ama ngati pakhomo pa wodwala, n'kukayambiranso kugunda patsogolo. Ana akamathamangitsana, ankamva mayi wina akuti, "Inu, osasokosa apo." Madzi otsala mu ketulo akazizira ankathirira duwa la pakhonde, ndipo duwalo linanenepa.

Chimene chinkawazunguza mutu kwambiri chinali makomo a anzawo. Akamapita kokachapa ankayang'ana timatabwa tonse, ndipo pafupifupi tonse tinkaonetsa mbali yowalako, imene mwa chizindikiro chawo inali yofiira. M'mawa, masana, tsiku ndi tsiku. Ha, anthu awa! Kulalikira konse kuja kwa kukhala pamodzi, akuti mutu umodzi susenza denga, koma aliyense wadzitsekera. Ankawaona ndithu anthu akulowa m'makomo omwewo, wina ndi mbale, wina ndi nyuzipepala, ena osagogoda n'komwe. Munthu wina akanaima pamenepa n'kukayika. A Mawaya anapeza yankho lina, lopweteka koma losavuta kukhulupirira kwa munthu wamasiye. Awa ndi akalekale, amadziwana, kathabwa sikawakhudza. Kathabwa anakaikira obwera ngati ine.

Ku nyumba ya tonse ankapita osaphonya. Anthu ankawalandira ndi ulemu woopsa. Akangokhala patebulo, nthabwala zinkatsika mawu. Ankawapakulira poyamba, kuwafunsa ngati supu yafika mchere, kuwafunsa ngati denga silidontha, basi. Za akazi awo panalibe wofunsa, pamene iwo pakamwa pankayabwa kuti anene za mayiwo, momwe ankaimbira molakwitsa mawu a nyimbo pa wayilesi iliyonse yongokonzedwa kumene, mpaka mwini wake kuiwala kuti akuthamangira basi. Nkhani imeneyi ankabwera nayo patebulo katatu pa sabata, n'kubwerera nayo. Sabata yachitatu anapita pa bolodi la zophika kukafufuza dzina lawo. Panalibe.

"Mayi, ine tsiku langa lophika ndi liti?" anatero atawapeza Apampando pa sinki. "Kusenda mbatata ndimatha. Kukwecha mapoto ndiye ndine katswiri."

"Aa, bambo, inu pumani kaye. Musadzikakamize. Nthawi yanu idzakwana yokha, ife sitithamangitsa munthu."

Apampando anawagwira paphewa mwachifundo. A Mawaya anamva ngati awauza kuti manja awo ndi akuda. Anabwerera kunyumba mbale zisanatsukidwe, kumbuyo kwawo kuseka kukuyambiranso pang'onopang'ono.

Lamlungu lililonse mwana ankaimba foni, ndipo funso lake linali limodzi.

"Abwera angati sabata ino?"

"Ambiri. Ndinawerenga n'kusiya."

"Ndani ndi ndani?"

"Ndikakutchulira uwadziwa? Iwe funsa ngati shuga akukwanira, anthu ake ndi omwa tiyi awa."

Ananama choncho masabata angapo, ndipo bodza lake linkawatopetsa kuposa kusesa.

Tsiku lina makina amodzi ochapira anafa. Pachitseko chake panamatidwa pepala loti musagwiritse ntchito, tikuyembekeza amisiri. Amisiri, mmisiri ali khomo lachisanu ndi chimodzi! A Mawaya anatenga zida zawo m'mawa anthu atapita kuntchito, nagwada pansi, natsegula kumbuyo. Vuto lake linali laling'ono, kasokosi ka mwana ndi mabatani atatu zinatseka potulukira madzi. Anakonza, anapukuta pansi, anachotsa pepala lija, nabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Tsiku limenelo anatsuka makapu atatu. Madzulo anamva mapazi a anthu angapo akuima pakhomo, manong'onong'o, kenaka kanthu kakukwekwereka pansi pa chitseko. Linali khadi lothokoza, lokongola, losainidwa ndi mabanja onse khumi ndi limodzi. Pamene ankatsegula chitseko, m'kanjira munali misana yokhayokha ikupita. Analiwerenga khadilo kawiri n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Mwezi wachiwiri uli pakati, tsiku lina cha m'ma teni m'mawa, anaona khomo lachitatu kuchokera ku geti lili ndi mbali yoderako, ngati yawo. Linali la Anamwino, mayi wa zaka za m'ma fifite, wamasiye nayenso, amene patebulo anawamwetulirapo kawiri. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, anatero a Mawaya mumtima. Anavala jekete, anapesa tsitsi limene linatsalalo, anatenga paketi ya mabisiketi, n'kuyenda m'kanjira ngati munthu wokafunsira.

Gogogo. Zii. Gogogo, mwamphamvu pang'ono.

Chitseko chinatseguka theka. Anamwino anali m'chovala chogonera, kansalu kophimba m'maso katakwezedwa pamphumi, nkhope yotupa ndi tulo. Anali atachezera ntchito kuchipatala, ndipo anali atagona ola limodzi lokha.

"Kwagwanji, bambo? Mwadwala?"

"Ayi, mayi, ndili bwino. Ndimati ndidzacheze."

"Kudzacheza?" Anamwino anayang'ana kathabwa kawo, nayang'ananso a Mawaya. "Simunakaone aka?"

"Ndakaona, mayi. N'chifukwa chake ndabwera."

"Mwakaona, n'chifukwa chake mwabwera." Anamwino anatsinzina kwa kanthawi ngati akuwerenga mumtima kuti asapse mtima. "Bambo, tanthauzo la kathabwa inuyo ndiye mumalidziwa kuposa tonsefe. Pepani, lero ayi."

Chitseko chinatsekeka, osati mwamphamvu. A Mawaya anabwerera ndi mabisiketi awo, ndipo mawu aja anawamasulira okha panjira. Kobiriwira n'ka anzathu, osati inu. Madzulo ake lingaliro lina linawadutsa m'mutu, loti kapena anakanda mbali yolakwika. Anachotsa kathabwa pa msomali, nakayang'ana pa dzuwa, kutembenuza uku, kutembenuza uku. Kamtanda kanali pomwepo, kooneka bwinobwino. Zaka makumi anayi chizindikiro chawo sichinawanamizepo, ndipo anaiwala kuti zaka zonsezo chosanamacho chinali pakamwa pa wonong'ona uja, osati msomali. Anakapachikanso momwe kanalili.

Kuyambira pamenepo sanagogodenso pakhomo pa munthu. Ku nyumba ya tonse anayamba kujomba, poyamba Lachinayi, kenaka ndi Loweruka lomwe. Akajomba ankapeza mbale yovindikira itaikidwa pakhonde mwakachetechete, popanda wogogoda, ngati chakudya cha mkaidi. Ankadya ataimirira pa sinki. Kusungulumwa kwa m'nyumba yosanja kuja kunali kwabwinoko, chifukwa kumene kuja kunalibe anthu. Kuno anthu analipo. Mawu awo ankalowa pa zenera, fungo la anyezi wawo wokazinga linkalowa, Loweruka ankamva akukankha matebulo kuti asewere makhadi. Mpando wachiwiri uja anaukankhira kukhoma n'kuunjikapo manyuzipepala. Madzi okha anapitiriza kutereka a anthu awiri, poti dzanja linazolowera.

Lamlungu la sabata yakhumi foni inalira monga mwa masiku onse.

"Abwera angati sabata ino?"

A Mawaya anayang'ana mpando wounjikidwa manyuzipepala uja.

"Ababa? Mukundimva?"

"Palibe, mwanangu. Chifikireni changa palibe amene wakhalapo pa mpando uwu."

"Ndimadziwa ine. Mawu anu ndimawamva, mumayesa ndine mwana."

"Bwera udzanditenge."

M'mawa mwake analemba kalata yachidule yoti miyezi itatu ikakwana achoka. Apampando anaiwerenga ataimirira pakhomo la nyumba ya tonse, nagwetsa nkhope.

"Tamvetsa, bambo. Mwina tinakulandirani msanga, chilonda chisanapole."

A Mawaya sanamvetse, ndipo mwa chikhalidwe chawo sanafunse. Sabata yomweyo nyumbayo inaperekedwa kwa banja lina limene linali lotsatira pa mndandanda wa odikira, mwamuna ndi mkazi wake woyembekezera.

Tsiku losamuka linali Lachitatu. Anthu ambiri anali kuntchito, ana kusukulu. Lole inanyamula katundu m'mawa n'kutsogola. Mwana wawo anali kunja kwa geti akulongedza zotsala m'galimoto, nkhope ili gwa, poti anali atanena kale kuti anthu ouma mtima ngati amenewa iye sawatsazika. A Mawaya anatenga makiyi ndi kathabwa kukapereka. Anapeza Apampando ali okha m'nyumba ya tonse akupukuta matebulo. Anaika makiyi patebulo, kathabwa pambali pake, kamtanda kali pamwamba mwa chizolowezi.

Apampando anayesa kupeputsa zinthu.

"Poti mukupita, lamulo lija ndiliswe pang'ono. Mpaka lero, bambo, mukundipatsa kofiira kali pamwamba? Tsiku lotsazika lokhali mukanatisekererako ndi kobiriwira."

"Kobiriwira ndi komweko, mayi."

Apampando anaseka. Atayang'ana nkhope ya a Mawaya, kusekako kunathera panjira.

"Mwati bwanji?"

"Mbali iyi, ya kamtandayi. Ndi yobiriwira." Mawu awo anayamba kuchepa. "Si yobiriwira?"

"Bambo, iyi ndi yofiira. Yofiira ngati magazi."

A Mawaya anakhala pa benchi osauzidwa. Chinsinsi chimene anachisunga moyo wawo wonse chinatuluka chokha, mosavuta ngati dzino logwedera. Ananena za maso awo, za shopu, za akazi awo ndi msomali, za azimayi anayi ndi keke. Apampando anagwira pakamwa ndi kansalu kopukutira matebulo komweko.

"Mayo ine. Ndiye masiku onsewa inu mumati chiyani?"

"Ndimati lowani."

Apampando anakhala pansi nawonso, mbali ina ya tebulo.

"Ife tinakhalapo msonkhano za inu, kawiri konse. Wachiwiriwo unatenga maola awiri. Aphunzitsi amati tiswe lamulo tikagogode, munthu angafere m'nyumba ife tili pompano. Ena amati ayi, munthu akulira mkazi wake, tisamulowerere. Tinavota. Ine ndinavotera zokusiyani, bambo, ndinakweza dzanja langa lomweli. Timati sitinaonepo mwamuna wokonda mkazi wake chonchi. Azimayi mpaka amawanena amuna awo kuti muzionera kwa a Mawaya."

A Mawaya anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Apampando anapitiriza.

"Anamwino ndiye chichokereni tsiku lija mtima sunawakhale pansi. Akuti anakuyankhani ali m'tulo. Katatu ndawaona ndi maso angawa ataima pakhomo panu, atanyamula wayilesi ya malemu amuna awo imene inafa zaka zinayi zapitazo, kuti apepese n'kukupemphani muione. Amaima, kuyang'ana kathabwa, n'kubwerera nayo."

"Nanga nyumba ija?" anafunsa a Mawaya, ngakhale yankho ankalidziwa.

Apampando anayang'ana pansi.

"Lole yawo ifika masana ano. Kumene amakhala anatulukamo dzulo, ndipo mayiyo mwezi wake ndi uno. Ndikhoza kukulembani pa mndandanda, pamwamba penipeni, onse avomera, ndikudziwa. Koma ndisakunamizeni, bambo, kuno anthu sachoka. Pa zaka khumi nyumba yapezeka kawiri. Ulendo uno ndi wachiwiri, ndipo woyambawo tinachita kunyamula bokosi."

Madzi akatayika saoleka. A Mawaya anamva chisoni cha mtundu umene sanaumve ngakhale kumanda, chifukwa kumanda kunalibe chimene akanachita mosiyana. Kunja kwa geti hutala inalira kawiri. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

"Mundiperekeze mpaka pa geti, mayi. Ndili ndi pempho limodzi."

Anatuluka limodzi. Pa khomo loyamba a Mawaya anaima n'kuloza kathabwa.

"Aka?"

"Kobiriwira."

Anayenda pang'ono, naloza la mbali inayo.

"Aka?"

"Kobiriwira. Apita kuntchito, koma amasiya choncho, osakhoma, kuti wofuna mchere alowe atenge."

Sikuti tsopano sankadziwa. Mbali yowalako anali ataiona masiku makumi asanu ndi anayi, ndipo tsopano anali atalidziwa dzina lake lenileni. Ankangofuna kulimva liwulo likunenedwa. Analimva pa khomo la Aphunzitsi, analimva pa la banja la ana aphokoso, khomo ndi khomo, Apampando akuyankha mpaka anayamba kungogwedeza mutu.

Atafika pa khomo lachitatu kuchokera ku geti, a Mawaya sanafunse.

"Aka n'kofiira," anatero okha.

"Eya. Anachezeranso ntchito. Koma ndiwadzutsa, bambo, lero lokha lamulo ligone. Akadzamva kuti mwapita iwo osadziwa izi, sadzandikhululukira."

Dzanja la Apampando linali litakwera kale kuti ligogode. A Mawaya analigwira pamkono, mwaulemu. Anaima akuyang'ana chitsekocho. Ankafuna kuti chitseguke, ankafunitsitsa, kuposa chilichonse chimene anachifunapo chichokereni kumanda. Koma kukanakhala kucheza kwa mphindi zisanu, choimirira, hutala ikulira, mayi wotopa akupepesa ndi misozi. Wayilesi imene inafa zaka zinayi sikonzeka pa mphindi zisanu, ndipo zida zinali zitapita kale pa lole.

"Asiyeni agone, mayi," ananong'ona. "Ndinawadzutsapo kale kamodzi."

Pa geti Apampando anawagwira dzanja ndi manja awiri. Mwana wawo anatsegula chitseko cha galimoto osayang'ana Apampando kumaso. Anawakhazika bambo ake, anawamangirira lamba, anawaika botolo la madzi pamiyendo. Akuliza galimoto anawauza kuti asadandaule, kunyumba wawagulira wayilesi yakanema yaikulu, yamatchanelo ambiri, yoti azionera masana iye ali kuntchito.

A Mawaya anathokoza.